Chonde Mumange Galu

Sajeni anali atavula kale nsapato pansi pa tebulo pamene a Madala analowa ndi nkhani yawo. Mapazi ake ankatupa dzuwa likangokwera, ndipo zaka zonse zimene mayiyu anagwira ntchito yofufuza milandu zinamuphunzitsa kuti wodandaula amayang'ana kumaso, sasuzumira pansi pa tebulo. Anawalozera mpando. Iwo anakhala movutikira, mwendo wamanzere atautambasula, ndipo fungo la penti linadzaza kachipindako.

Anali mwini kampani yopaka penti nyumba zikuluzikulu, munthu wa imvi ndi mawu otsika. Antchito awo ankawatchula kuti a Madala, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka iwonso ankadzitchula choncho. Nkhani yawo inali yakuti chipatala china chinaitana makampani kuti apikisane pa ntchito yopaka mawodi onse. Iwo anatumiza kalata yawo yofunsira ntchitoyo, imene amalonda amangoti tenda. Dzulo achipatala anawaitana n'kuwaonetsa tenda ya kampani ina yosadziwika, yofanana ndi yawo liwu ndi liwu, kusiyana dzina ndi mitengo basi. Achipatala anati chimenechi n'chinyengo, makampani awiriwo ndi amodzi, ndipo onse awaletsa kudzapikisananso, pokhapokha a Madala abweretse kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti anaberedwa.

"Ndiye wakuberani ndani?" anafunsa Sajeni.

"Mlembi wanga. Ndi yekhayo amene amagwira kompyuta. Ine ndi wa burashi, mayi, zinazi zinandidutsa." Anapukusa mutu. "Zandiwawa, chifukwa ndinamutenga ngati mwana wobala ndekha."

Sanabwere okha. Mlembiyo anali atabwera naye pagalimoto yawo, atamuuza kuti akungoperekeza, ndipo tsopano anali pabenchi la kutsogolo, foni ndi chikwama atalandidwa kale. Bwana wa siteshoni, amene ankadana ndi milandu yogona patebulo, anasuzumira pakhomo n'kuuza Sajeni kuti nkhani yake ndi yachidule: pofika nthawi yoweruka, mayiyo akhale atatsegulidwa mlandu ndi kulowa m'chitokosi.

Sajeni anawerama kufufuza nsapato zake. Milandu imene wodandaula amabwera ndi wakuba wake pagalimoto inkamutopetsa kuposa ina yonse.

* * *

Mlembi anali mayi wochepa thupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi kukhutu limodzi. Sanalire, ndipo sanalumbire kutchula kumwamba monga achitira ambiri pabenchi limenelo. Anakhala manja ali pamaondo, akuyankha zokhazo zimene wafunsidwa, mawu aliwonse akuwaika pamalo pake ngati akuwalemba.

Sajeni anamuuza kuti amufotokozere ngati akufotokozera mwana, chifukwa iye za makompyuta ankangodziwa kuti amazima magetsi akazima. Chabedwa kwenikweni n'chiyani?

Mlembi anafotokoza kuti kuofesi kwawo ali ndi pulogalamu yolembera matenda a ntchito. Sajeni anakweza nsidze, ndipo iye anafulumira kukonza kuti akunena makalata ofunsira ntchito aja. M'pulogalamumo muli kalata imodzi yaikulu imene onse amaitcha chikombole, ngati chija choumbira njerwa. M'menemo muli mbiri ya kampani, mmene amapalira ndi kumata khoma asanapake, mitundu ya penti, malonjezo awo, ngakhale zithunzi za nyumba zimene anapakapo. Ntchito ikamveka, iye amatulutsa kalata yatsopano kuchokera m'chikombolemo, n'kusintha dzina la kasitomala, miyeso ndi mitengo. Zimene kale zinkamudyera sabata lathunthu tsopano zinkatha tiyi asanazizire. Chikombolecho anachimanga yekha, pang'onopang'ono, kwa zaka.

"Lamulo lake ndi limodzi," iye anatero. "Chikombole sichikhudzidwa wamba. Ukasintha m'menemo, kalata iliyonse imene utulutse pambuyo pake ituluka nazo zimenezo."

Sajeni anafunsa kuti amadziwanso mawu achinsinsi otsegulira ndani. Mlembi anati mawuwo analembedwa pakapepala komatidwa kunsi kwa kiyibodi, chifukwa a Madala ananena kuti safuna chinthu cha m'kampani mwawo chokhala m'mutu wa munthu mmodzi. Choncho chinsinsicho chinali cha aliyense wodziwa kutembenuza kiyibodi.

Sajeni atadzuka kuti azipita, m'pamene mlembi anafunsa funso lake loyamba.

"A Sajeni, ndigona kuno? Ana akaweruka kusukulu akapeza pakhomo potseka. Kiyi ali m'chikwama chimene mwalandacho."

Sajeni anafuna kunena mawu olimbikitsa, koma anali atasiya kalekale kulonjeza zinthu zimene sizili m'manja mwake. Anangomuuza kuti dzuwa likadali pamutu.

* * *

Mkulu wogula zinthu kuchipatala kuja anali ndi ofesi yopanda zenera ndi tayi yothina, ndipo ankalankhula ngati ali pamsonkhano. Anatulutsa makalata awiriwo m'kabati n'kuwaika patebulo moyandikana, akunena kuti m'zaka zake zonse za utumiki palibe anamudutsapo pansi, kuti diso lake ndi lakuthwa, kuti akuluakulu amuyamikira kale. Anatsegula tsamba loyamba la iliyonse. Mawu anali amodzi, ndipo chithunzi chinali cha nyumba imodzimodzi yosanja.

Sajeni anamufunsa ngati anawerenga onse mpaka kumapeto. Mkuluyo anakonza tayi.

"Mayi, makalata otere amabwera mulu. Munthu umaona kutsogolo, umaona mitengo. Zapakatizi ndi nyimbo imodzi, palibe amawerenga zimenezo."

Sajeni anatenga makalatawo n'kukakhala pabenchi la m'khonde, pakati pa odwala odikira mankhwala. Kunena zoona, chimene ankafuna kwambiri chinali kupumitsa mapazi. Koma poti anali atakhala, anayamba kuwerenga, kalata ina pabondo lina, inzake pabondo linalo, chala chikuyenda mzere ndi mzere. Anawerenga za kupala khoma ndi za kumata ming'alu, za kuphimba mipando, za kutsuka mazenera ntchito ikatha. Tulo tinamubwerera kawiri. Mlembi uja analemba bwino, koma penti ndi penti.

Chakumapeto, pamutu wakuti zimene kasitomala akonzeretu, chala chake chakumanja chinaima. Kalata ya kampani yachilendoyo inali ndi mzere umodzi umene munalibe mu ya a Madala. Anauwerenga, n'kubwerezanso.

*Chonde mumange galu wanu tsiku limene tikubwera. Anyamata athu salowa pakhomo galu ali womasuka.*

Anabwerera mu ofesi ija n'kufunsa mkulu wogula zinthu ngati chipatalacho chili ndi galu.

"Galu? Mayi, kuno ndi kuchipatala."

"Ndiye galuyu ndi wa ndani?" anatero Sajeni, osati kwa iye kwenikweni.

* * *

Kampani ya a Madala inali kuseri kwa mpanda wa malata. Pabwalo panali makwerero ounjikidwa, zidebe zouma ndi lole yakale yokhala ndi madontho a mitundu yonse. Sajeni anapeza kapitawo akutsuka maburashi m'ndowa, mwamuna wa mimba ndi mawu akulu, amene anayamba kudandaula asanafunsidwe n'komwe. Anati mlembi uja sangabe ngakhale shuga wa mu ofesi, ndipo ngati apolisi akusowa womanga abwere amange iyeyo, mwina akapumako.

Sajeni anamuwerengera mzere wa galu uja. Kapitawo anasiya burashi n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Galuyo wauka? Ha, tinkayesa tinamuika m'manda!"

Nkhani yake anaikamba akupukuta misozi ndi mkono. Miyezi ingapo yapitayo mlembi anapita kukaika mayi ake, ndipo anakhala kumeneko sabata lathunthu. Pakati pa sabatalo kunabwera munthu wofuna kupakitsa nyumba yake, ndipo nyumbayo inali ndi chigalu chachikulu. Tsono a Madala ndi agalu samwerana madzi. Mwendo amakoka uja ndi ntchito ya galu wa kasitomala wina, amene anawagwetsa pamakwerero ali mnyamata, ndipo kuyambira pamenepo akamva kuuwa amaiwala ukulu wawo. Ndiye anakhala okha pakompyuta, chala chimodzi, kuyambira m'mawa mpaka masana, kulemba mzere wa galuwo. Koma m'malo molemba pakalata ya munthu uja, analemba m'chikombole mwenimwenimo. Makalata onse amene anatuluka sabata limenelo anapita ndi galu. A kubanki anachita kuimba foni kufunsa kuti galu wake ndi uti, kapena akunena mlonda wawo.

"Mlembi atabwera anamuchotsa tsiku lomwelo," anatero kapitawo. "Koma mpaka lero munthu akalakwitsa ntchito timati wamasula galu."

Sajeni sanaseke, ngakhale nkhaniyo inali yoseketsa. M'mutu mwake zinthu zinali zitayamba kukhala pamalo pake. Galuyo anakhala m'chikombole masiku ochepa okha, ndipo kalata yobedwayo inali naye. Choncho wakubayo anakopera chikombole m'masiku omwewo, mlembi ali kumaliro. Anafunsa kuti mu ofesi munkalowa ndani sabata limenelo. Kapitawo anatambasula zala zake zikuluzikulu zouma ndi penti n'kunena kuti iye akakhudza kiyibodi amadina zilembo zinayi nthawi imodzi. Otsala anali a Madala ndi mwana wawo.

Mwanayo anali mu ofesi, miyendo ili patebulo. Ankamutchula kuti Injiniya, chifukwa sukulu ya uinjiniya anaiyamba koma sanaimalize. Anali munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zake, koma nkhope yake inali ya munthu amene amakalipiridwa tsiku lililonse. Sajeni atamuona anaganiza kuti mlandu watha. Anali ataonapo ana ambiri otere, otopa kudikira kuti bambo awo atule pansi udindo, n'kuyamba kudyeratu cholowa mwini wake ali maso.

Injiniya ankayankha mawu amodziamodzi. Inde, anali mu ofesi kumayambiriro kwa sabatalo. Ayi, galu sanamuone akulembedwa. Sajeni atamukakamiza, anatsitsa miyendo, n'kutsegula pulogalamu ija, n'kumuonetsa pamene imasunga tsiku limene chikombole chasinthidwa. Galu analowa Lachitatu. Injiniyayo anachoka Lachiwiri m'mawa ndi anyamata ena, kukapaka sukulu ina kutali ndi tauni, ndipo anabwerako mlembi atabwera kale.

Kapitawo, amene anali ataima pakhomo, anavomereza. Anati Injiniya anali ndi anyamatawo mpaka sabata kutha, akulira ndi matuza m'manja, kumalo kumene foni inkagwira ukakwera pamwamba pa thanki.

Sajeni anafunsa chimene chinachititsa kuti munthu wa mu ofesi atumizidwe kukagwira burashi mwadzidzidzi choncho. Injiniya anayang'ana kapitawo, kenako anayang'ana pansi.

"Tinayambana ndi adadi."

"Pa chiyani?"

"Anandifunsa kuti fulashi, kachipangizo kokopera za pakompyuta kaja, amalowetsa pati, ndipo chinthu amachiika bwanji m'menemo. Ndinawaonetsa. Kenako ndinawafunsa kuti akufuna kutani nayo." Anatseka pulogalamu ija. "Mawa lake ndinali palole."

* * *

Keyala ya kampani yachilendo ija inamufikitsa Sajeni kuseri kwa msika, pamzere wa tizipinda ta lendi. Minibasi inamutsitsa patali, ndipo pofika pamalopo nsapato zinali zikumuluma ngati zili ndi mano. Chitseko chinali chokhoma ndi loko watsopano. Pamwamba pake panali chikwangwani cha dzina la kampaniyo, chopakidwa mwaluso, zilembo zowongoka bwino, ntchito ya munthu amene wagwira burashi moyo wake wonse.

Pakhomo loyandikana nalo mayi telala ankapalasa makina ake, mapini ali kukamwa. Pansi pa makinawo panagona kagalu koyera, kokalamba, kamene katamuona Sajeni kanatsegula diso limodzi n'kulitsekanso.

Telalayo analavulira mapini m'dzanja n'kuyamba, ndipo sanafune kufunsidwa kawiri. Anati chipindacho chimangokhala chotseka, sanaonemo chidebe kapena wantchito, ndipo iye anachifuna kale kuti aziikamo nsalu koma mwini nyumba anamukaniza, mwini nyumbayo ndi munthu woipa, anamukwezera lendi popanda kukonza denga. Sajeni anamubweza panjira. Anati pamapepala a tenda mwini kampaniyo ndi mzimayi, kodi anamuonapo? Telala anati mzimayi ayi, sanaonepo. Amabwera ndi bambo mmodzi wachikulire, mwa apo ndi apo, kudzaona ngati pansi pa chitseko palowetsedwa makalata.

"Dzina lawo sindilidziwa, komanso sitigwirizana," anatero telala. "Munthu wamkulumkulu, amaima uko patali pampopi, n'kumakuwa kuti mayi, mangani galu wanu. Kagalu aka, a Sajeni? Kalibe ndi mano omwe. Ndikakamanga m'pamene amabwera, akukoka mwendo."

"Mwendo uti?"

Telala anaimirira, n'kutembenuka kuti aganize bwino, n'kumenya ntchafu yake yamanzere.

Sajeni anapempha kukhala pang'ono pampando wa makasitomala. Sanamve kukoma kulikonse kumene ena amati wofufuza amamva akagwira ulusi wa nkhani. Anangomva kutopa, ndi chisoni chifukwa cha mayi uja wa magalasi omangidwa ndi ulusi, amene anakwera galimoto m'mawa akuyesa kuti akuperekeza bwana wake.

* * *

Anafika kusiteshoni dzuwa litapendeka. Bwana wa siteshoni anamulozera wotchi ali patali, iye ananamizira kusaona. Anapita kaye pabenchi la mlembi ndi funso limodzi: tsiku limene anachotsa galu m'chikombole, a Madala ananena chiyani?

Mlembi anati anyamata onse amene analipo ankaseka tsiku limenelo, koma a Madala sanaseke. Anaima kumbuyo kwa mpando wake n'kumufunsa ngati galuyo wachoka ponseponse. Iye atavomera, anafunsanso, ndipo madzulo poweruka anafunsa kachitatu.

"Munawayankha kuti chiyani?"

"Ndinati inde, ukachotsa m'chikombole wachotsa ponse. Ndinkanena makalata amene tidzatulutse." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi. "Ndinali nditangoika mayi anga. Ndinkangofuna andisiye."

A Madala anali atabwera kale kudzatenga kalata yawo ya kupolisi. Sajeni anawalowetsa m'kachipinda kake n'kutseka chitseko. Anayamba ngati akucheza, kuti wamva kuti iwo ndi agalu sagwirizana. Iwo anaseka, n'kukamba okha nkhani ya banki ija, akudzinyoza kuti ukalamba ndi kompyuta sizikhalira pamodzi. Anaikamba bwino, ndipo zinkaoneka kuti aikambapo kambirimbiri. Sajeni anawasiya amalize. Kenako anatsegula kalata ya kampani yachilendoyo patsamba lija, n'kuitembenuzira kwa iwo, chala chili pamzerewo.

A Madala anavala magalasi. Milomo yawo inkayenda akuwerenga. Kuseka kuja kunauma pankhope.

"Sizingatheke," anatero motsitsa. "Anamuchotsa. Anandiuza yekha kuti wachoka ponseponse."

"Anachoka m'makalata obadwa pambuyo pake, bambo. Imene munatulutsa pafulashi inapita ndi galu wake, ndipo yakhala naye mpaka lero."

Panja wina ankakangana ndi wapolisi wa pakauntala za njinga yotayika. Sajeni anawauza zonse mosakweza mawu: za mwana wawo amene anamukweza lole chifukwa chofunsa, za chikwangwani chopakidwa bwino, za telala ndi kagalu kake kopanda mano. Anati dzina la mzimayi wa pamapepala sanalifufuze, koma akhoza kubetcha kuti ndi la m'bale wawo amene sadziwa n'komwe kuti ali ndi kampani.

"Ndi mlongo wanga," anatero a Madala.

Atangonena zimenezo, zotsalazo zinatuluka zokha. Anati ntchito zasowa, ndipo anyamata atsopano amene akuwina matenda masiku ano aliyense ali ndi makampani atatu kapena anayi, amaponya makalata ambiri pantchito imodzi, ina ikagwa ina imadutsa. Iwo anakhala zaka zonse akuponya imodzi ngati chitsiru. Anangofuna kuyesa nawo. Fulashi ija anaisunga m'thumba la jekete miyezi yonseyi, ndipo ya chipatalayi itamveka anapita nayo kwa anyamata otayipa makalata m'tauni kuti asinthe dzina ndi mitengo. Zapakati sanawerenge. Ankadziwa kuti palibe amawerenga.

Sajeni anati zonsezo wazimva, ndipo akazifotokoza kukhoti. Chimene iye ankafuna kudziwa ndi cha mayi amene ali pabenchiyo.

A Madala anayang'ana manja awo.

"Ndimangofuna kalata ya kupolisi ija. Ndikanabwera mawa kudzathetsa mlandu. Akanagona usiku umodzi wokha, mayi, ndipo ntchito yake akanaipeza ikumudikira."

Apa Sajeni anapsa mtima, ndipo anadabwa kuti mkwiyo wotere ukadali mwa iye. Anali atamva akuba, achiwembu ndi omenya akazi awo akudziikira kumbuyo pampando womwewo, mpaka makutu ake anachita chipsera. Koma mkuluyu ankakhulupiriradi kuti sanalakwe kwambiri. Anamubwereka mlembi wake usiku umodzi monga munthu abwerekera makwerero. Sajeni anafuna kuwauza za ana awiri amene pa nthawiyo anali atakhala pakhonde la nyumba yotseka, ndi za dzina la munthu, kuti likalowa m'buku la kupolisi silituluka loyera ngakhale mlandu uthe. Koma anaona kuti akungotaya mpweya. Anakoka pepala ndi cholembera n'kuwauza kuti ayambire pachiyambi.

* * *

Pomaliza, bwana wa siteshoni anapeza mlandu wake nthawi yoweruka isanakwane, kungoti dzina linali lina. A Madala anawakhazika pabenchi lomwe lija, kudikira mwana wawo kuti adzawasainire belo. Mlembi anali pakauntala akulandira foni ndi chikwama chake. Sajeni anali atamufotokozera zonse m'mawu ochepa. Mlembiyo anatsegula chikwama n'kuona ngati kiyi alimo.

Sajeni ankadziwa zimene mayiyo ankawerengera mumtima. Anali womasuka, koma chipatala chiletsa kampaniyo, mbiri idzamveka kwa ena onse, ndipo tebulo limene anakhalapo zaka zonsezi linali litapita. Panalibe chomusangalatsa pa tsikuli kupatula kukagona kwake.

Njira yotulukira inkadutsa pabenchipo. Mlembi atafika pafupi, a Madala anadzutsa mutu. Ankaoneka okalamba kuposa m'mawa.

"Mwanangu," anatero. "Zachitikazi tikambirana, ndalakwa. Koma tenda ya kusukulu ya aphunzitsi ija ikutsekedwa Lachisanu, ndipo sinamalizidwe. Ikatidutsa imeneyo anyamata akhala opanda chogwira. Ubwere mawa, uimalize."

Mlembi anaima. Anawayang'ana kwa nthawi ndithu, popanda ukali, ngati akuwerenga tsamba kufufuza pamene palakwika. Kenako anakoleka chikwama paphewa.

"Chikombole chilipo, a Madala," iye anatero. "Ingosinthani dzina. Mumatha kale."

Anatuluka akufulumira, kiyi ali m'manja. Sajeni anamuyang'ana mpaka anakhota pageti, kenako anabwerera m'kachipinda kake kukavula nsapato.